Ndinakana Nayo Pikapu pa Maliro a Yotamu

Kumbuyo kwa pikapu yanga kukulendewera katoni. Ndinaidula ndekha ku bokosi la mafuta ophikira, n'kulembapo zilembo zikuluzikulu: INJINI YATSOPANO, PITANI. Ngati sabata ino munatsekerezedwa pa msewu wochokera ku Chelstone ndi galimoto yoyera yakalekale, yoyenda ngati ikuperekeza mkwatibwi, pa chiwongolero pali mayi wa duku, musavutike n'kufunsa. Ndinali ine. Aminibasi andilizira mahutala mpaka makutu kugontha. Kondakitala wina anatulutsa mutu pazenera n'kukuwa kuti, "Ba mami, tsikani muyende na mendo, muzafika musanga!" Ine maso kutsogolo basi.

Koma za makondakitala tizisiye. Nkhani ndi yakuti Lachiwiri lapitali ndinachita chinthu chimene kwathu sichichitika. Ndinakana nayo galimoto pa maliro. Maliro akenso osati a munthu wapatali ayi, a msuweni wanga weniweni, mwana wa amalume anga.

Ndakuonani, ena mwayamba kale kupukusa mitu. Dikirani kaye, mundiweruze ndikamaliza.

Pikapuyi anandisiyira ndi bambo anga. Anaigula ine ndili mtsikana wa sukulu, tikukhala ku Kabwata, ndipo kuyambira pamenepo sinapumepo. Yanyamula chimanga kuchokera ku Petauke, yanyamula njerwa za tchalitchi, yasamutsa akazi othawa ukwati n'kudzawabwezanso ndi mipando yomweyo atagwirizana ndi amuna awo. Kawotchi kowerenga mtunda kanatopa kalekale, kanaima pa nambala imodzi, mpaka lero kali pomwepo.

Masiku ano ndi imene imandidyetsa. Zolembalembazi, tisanamizane, sizidyetsa munthu. Nyumba yanga imayendera matimati ndi anyezi amene ndimakatenga kwa alimi a ku Chongwe n'kukatula kwa amayi ogulitsa ku City Market. Pikapu ikagona, ndiye kuti kunyumba kwanga kwagonanso.

Tsono dzinja lathali inayamba kudwala poyera. Utsi kumbuyo, woti oyenda pansi kumatseka mphuno. Oilo ndikaika lero, mkuja watha. M'mawa kuti ilire, mpaka aneba atuluke kudzakankha, ndipo aneba anayamba kuchedwa kutsegula zitseko akamva ndikutuluka. Ikafika pa kachitunda, wefuwefu, mkati mukumveka kugogoda.

Aliyense anali ndi nzeru zake. Uyu akuti gulitsani kwa ogula zitsulo. Uyo akuti gulani injini ya salaula, yogwirapo kale ntchito, yochokera kunja, muikemo, nkhani yatha. Ine ndinakana. Injini ya salaula simudziwa kumene yayenda, mwina ndi yotopa kuposa yanuyo, angoisambitsa kuti iwale. Iyi ndimaidziwa ndi kalilidwe kake komwe. Ndinati tiiphwasule yonse, tiimangenso.

Ndinaikokera kwa Ba Chanda, makanika wa ku Kabwata amene galaja yake ndi mthunzi wa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Ba Chanda kwawo n'ku Luapula, ine kwathu n'kum'mawa, ndiye chimbuya chathu mukuchidziwa: Abemba ndi ife sitingakumane osanyozana. Atangotsegula boneti anagwira pakamwa.

"Ba mayo, iyi motoka mwenze kuipatsa mbeba m'malo mwa oilo?"

"Konzani galimoto, inu odya anyani," ndinawayankha. "Mbewa zisiyireni eni ake."

Sindinafune kungoisiya n'kumapita. Ndinkakhala pa chitini cha penti n'kumaonerera. Anzanga, injini yophwasula ndi chinthu chomvetsa chisoni. Anaitulutsa ndi tcheni atamangirira pa nthambi ya mango, n'kuiyala pa masaka chidutswachidutswa. Mapisitoni, zitsulo zija zimakwera n'kutsika m'mabowo a injini, anali bii, okandikakandika. Maring'i amene amawazungulira anali atadyeka, ena ataduka. Ba Chanda anandigwira chala n'kuchilowetsa m'bowo limodzi kuti ndimve ndekha. Chakumwamba kunali kamzere kotukuka, pamene pisitoni inkalekezera zaka zonsezi. Pansi pake chitsulo chinali chitapita.

Ntchitoyo inandionetsa zakuda. Ndinazungulira mashopu a m'tauni ndi pisitoni yakale m'chikwama, itakulungidwa m'nyuzipepala. Wina anandigulitsa gasiketi, ija imatseka mpata pakati pa zitsulo za injini, yoti Ba Chanda atangoipinda pang'ono inathyoka ngati bisiketi, ndinabwerera nayo ndipo mwini shopuyo sadzandiiwala. Chimake cha injini, thupi lake lalikulu lija, chinapita kwa a makina kuti akapale mabowo aja, asalale, alandire mapisitoni okulirapo. Kumeneko magetsi anali kuzimazima, ntchito ya tsiku limodzi n'kukhala ya sabata. Ba Chanda nawonso si mngelo. "Bwelani mailo" wawo, mawa losafika lija, ndinamumva mpaka kumulota.

Chimake chija chitabwerako, Ba Chanda anasiya nthabwala. Anati bambo anga anali ataipalitsapo kale injiniyi m'mbuyomu, ndipo chitsulo chotsala ndi chochepa.

"Ba mayo, mvelani bwino. Apa tafika pa saizi yosilizila. Ikafa futi iyi injini, musabwele kuli ine. Muyende chabe kuli ba zitsulo."

Ndiye kuti uwu ndi moyo wake wotsiriza. Ndinamva, ndipo ndinasunga.

Tsiku loiliza linali Lachisanu. Ba Chanda anapukuta manja, anandipatsa kiyi kuti ndilize ndekha. Inakhosomola, inakhosomolanso, kenako inagwira. Kulira kwake kosalala, kopanda kugogoda, kumbuyo kopanda utsi. Ndi mmene inkalirira bambo akamabwera kudzatitenga ku tchalitchi. Sindibisa, ndinalira pamaso pa amakanika onse, ndipo Ba Chanda anati akum'mawa timalira ndi zitsulo zomwe.

Kenako anandipatsa lamulo. Injini yomangidwa kumene siithamangitsidwa, siisenzetsedwa katundu, mpaka itayenda makilomita chikwi. Maring'i atsopano amafunika adyerane pang'onopang'ono ndi makoma a mabowo aja kufikira atakhalana bwino. Mukaipanikiza isanakhazikike imatentha, makoma amakandika, utsi uja n'kubwerera, mwinanso n'kuumiratu osazunguliranso. Ikakwanitsa ulendo umenewo, mutaye oilo woyambayo, muike wina, basi muzinyamula zimene mukufuna.

"Kutsogolo bantu, kumbuyo mphepo chabe," anatero Ba Chanda. "Olo ni ba bishopu bapempha, mukane. Olo ni malilo."

Ndinaseka. Ndinkayesa akungokometsera nkhani.

Ndiye ndinadula katoni ija, n'kuyamba kuyendayenda ndi galimoto yopanda kanthu kuti mtunda ukwane. Kawotchi kaja poti kanafa, ndimawerengera pa foni. Chelstone, Woodlands, Kabulonga, kubwerera. Alonda a pa mageti a ku Kabulonga ayamba kundiyang'ana ndi diso lina, akuyesa ndikuzonda nyumba za mabwana awo. Amayi a ku City Market akundiimbira foni kufunsa matimati, ine ndikuti pirirani. Ngati matimati anga omwe, amene ndimadyerapo, sindinawakweze, mukhoza kuona kuti sindinkasewera.

Lolemba masana foni inalira. Yotamu wamwalira.

Yotamu anali msuweni wanga, wamkulu kwa ine pang'ono, ndipo tinakulira limodzi ku Kabwata. Banja lililonse lili naye munthu wotere. Ukwati ukagwedera, nkhoswe ndi Yotamu. Wina akagonekedwa m'chipatala, woima pa mzere wa mankhwala ndi Yotamu. Wachibale akatsika basi kuchokera kumudzi, osadziwa kolowera, nambala imene ali nayo ndi ya Yotamu. Sanali wolemera, ankagwira ntchito ya ukalaliki. Chimene anali nacho ndi miyendo, ndi pakamwa posadziwa kunena kuti ayi.

Mwezi watha anagwa kuntchito. Kuchipatala anati mtima watopa, magazi akuthamanga kwambiri. Anamugoneka, anamutulutsa ndi mankhwala ndi mawu amodzi: akapume kunyumba, asayendeyende, asanyamule kanthu. Ndinapita kukamuona ndikuchokera kwa Ba Chanda, manja ali ndi girisi. Ndinamupeza pa khonde atafunda bulangete, akuseka.

"Esinati, ndamva injini ya bambo ako ili pa masaka. Tonse tili ku galaja, iwe ndi yako, ine ndi yanga. Tione itayambe kutuluka ndi iti."

Ndili pomwepo foni yake sinaleke kulira. Mkazi wake, Amake Dalitso, anailanda n'kukaibisa m'kabati. Anthu anayamba kubwera okha pakhomo.

Anayamba ndi a ku Makeni, kuti mwana wa mlongo wake akulekana ndi mkazi. "Mungobwera mudzakhalepo, simugwira ntchito iliyonse." Anapita. Kenako a ku tchalitchi, kuti tenti ya msonkhano amadziwa kamangidwe kake ndi iye yekha, angodzaloza ndi chala. Anapita. Lolemba lija kunafika azakhali ena kuchokera kumudzi ndi thumba la mtedza. Anakawachingamira pa siteshoni ya mabasi. Azakhaliwo ndi okalamba, thumba ndi lolemera, minibasi ili kutsidya kwa msewu. Yotamu analiika paphewa. Sanawoloke nalo msewuwo.

Lachiwiri m'mawa ndinafika pa nyumba ya maliro ku Kabwata, pikapu ndinaiimika pamsewu. Ndisanalowe n'komwe kukalira, anandiitana amalume a Sakala, mng'ono wa malemu bambo ake a Yotamu, amene ankayendetsa zonse za malirowo. Anali pa mpando panja pakati pa azibambo. Ndinagwada.

"Esinati, Mulungu ndi wabwino, galimoto yachira pa nthawi yake. Upereke kiyi kwa anyamatawa apite ku Makeni akatenge nkhuni, zipika zikuluzikulu zoti anthu aziotha. Akabwera akatenge tenti ndi mabenchi ku tchalitchi, ndi matumba a ufa. Lachinayi idzanyamula anthu kupita kumanda."

Sanali kupempha. Ndipo sindikuwanena, chifukwa galimoto imeneyi sinapemphedwepo chiyambire. Imangouzidwa.

"Amalume," ndinatero, mawondo ali pansi, "pepani. Galimotoyi singanyamule katundu panopa. Injini angoimanga kumene. Ndikaisenzetsa zipika ifa, ndipo amakanika anena kuti ikafa ulendo uno siidzukanso."

Azibambo onse anatembenuka. Amalume anavula magalasi.

"Wati bwanji?"

Ndinabwereza.

"Mbale wako ali gone ku mochale, iwe ukundiuza za chitsulo? Maliro n'kulirana, mwana iwe. Bambo ako galimoto imeneyi sanamukanizepo munthu."

"N'chifukwa chake inafika pamene inafikapo, amalume. Ntchito ina iliyonse ndipatseni. Ndiphika, nditunga madzi, ndigona pano mpaka tiike. Nkhuninso zibwera, ndizifunira njira. Koma kumbuyo kwa galimoto iyi sikukwera kanthu."

Anangotembenuza mpando.

Ndinaima pambali n'kuimba foni kwa mkulu wina wa mpingo wathu amene ali ndi lole ya mchenga. Anavomera asanamve n'komwe nkhani yonse, ndipo anadandaula kuti bwanji sanauzidwe msanga. Dzuwa lisanafike pamutu, zipika zinali zitatsitsidwa, tenti itaima. Tamverani bwino pamenepa. Lole imeneyi yakhala ilipo zaka zonsezi, mwini wake timapemphera naye, ndipo imanyamula zambiri kuposa kapikapu kanga. Palibe amene anaiganizira. Chifukwa chiyani? Chifukwa tinazolowera kuthamangira kumene sitikanizidwa.

Nkhuni zinabwera, koma mlandu wanga sunathe. M'nyumba, pakati pa amayi, manong'onong'o anali kundifika bwinobwino, ndipo eni ake ankafuna kuti andifike. "Wayamba kudzimva." "Akadzafa idzamulira ndi galimoto yakeyo." Zinandipweteka, ndisaname. Yotamu ndinkamukonda kuposa ambiri a iwo amene ankanong'onawo. Ndinakhala pa mphasa ndikulira pawiri, kulira msuweni wanga ndi kulira manyazi. Koma kiyi anali pa chingwe m'khosi mwanga, mkati mwa bulauzi, ndipo sanatulukemo.

Tsono ndikufunseni, anzanga. Kodi ife chinthu chikamapuma chimatiwawa chiyani?

Mayi wachitidwa opaleshoni, watuluka m'chipatala. Tibwera kudzamuona gulu, ndi mapemphero, ndi nyimbo. Tikamaliza ameni tikhala pansi n'kumadikira tiyi. Aphike ndani? Yemweyo tabwera kudzamuonayo, akuyenda chogwira pamimba. Ndipo tikamatuluka timuyamikira kuti ndi mayi wolimba.

Mwana wamaliza sukulu, wapeza kantchito. Sanagule n'komwe bedi, akugona pa matiresi pansi, ife tamutumizira kale ana awiri a kumudzi kuti aziwaphunzitsa. Akati dikirani ndiyambe ndaima, timati tauni yamuwononga.

Timangomva kuti injini yalira, basi, tonse tathamangira kukwera. Zoti mkatimo zinthu sizinakhazikike sitifuna kumva. Aliyense amati changa n'chaching'ono, n'kamtunda kakafupi, n'kathumba kamodzi. Zoonadi, palibe amene anapempha Yotamu chinthu chachikulu. Aliyense anapempha kakang'ono.

Musandimve molakwa. Mwambo wathu wothandizana pa maliro ndimaunyadira. Mumzinda muno, mmene aliyense ali ndi mpanda wake ndi geti lake, maliro ndi amene amatikumbutsa kuti tili ndi anthu. Bambo anga atamwalira sindinagule chikuni ngakhale chimodzi, sindinadziwe n'komwe amene anabweretsa. Zimenezo sindingaziiwale, ndipo pikapu iyi ikakhazikika idzanyamulanso nkhuni za maliro mpaka matayala kuphwa. Chimene ndikukana ndi china. Timakonda kunena kuti mutu umodzi susenza denga, koma timanena pokhapokha denga lili lathu. Tikapeza mutu umodzi wosadandaula, timaunjikapo madenga a mudzi wonse, n'kumauombera m'manja.

Lachinayi ku tchalitchi olankhula anasinthanasinthana, koma mawu anali amodzimodzi. "Anali munthu wosakana." "Ukamuimbira, ngakhale akudwala, amabwera." Mpingo wonse kuvomera, mitu kugwedezeka. Amalume a Sakala anawonjezera kuti banja lisade nkhawa, Mulungu watisiyira Dalitso, mwana woyamba wa malemuyo, amene wangoyamba kumene ntchito, ndiye alowe m'malo mwa bambo ake. Anthu anati ameni. Ine ndinayang'ana mnyamatayo, jekete la bambo ake likumukulira m'mapewa, ndipo mumtima ndinati akuluakulu sananame, ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika.

Popita kumanda, Amake Dalitso anatumiza mawu kuti akufuna kukwera pikapu yanga. Ndi imene inawanyamulira katundu wawo tsiku limene ankalowa m'nyumba ndi Yotamu. Anakhala kutsogolo ndi mayi wina wachikulire wowagwirira. Kumbuyo ndinalola nkhata za maluwa zokha. Mdipiti wa maliro suthamanga, ndiye kwa nthawi yoyamba sabata yonseyi palibe amene anandilizira hutala. Tinadutsa Woodlands pang'onopang'ono mpaka kumanda.

Tinaika. Tinayala maluwa. Abusa anatseka ndi pemphero, anthu n'kuyamba kubalalika.

Ndinabwerera pamene ndinaimika galimoto. Kumbuyo kunali kutadzaza. Amayi a chigwirizano ndi yunifolomu zawo atakhala mothithikana, azibambo atakhala m'mphepete miyendo ili panja, ena ataimirira atagwira denga. Galimoto itakhala pansi, matayala akumbuyo atabisika. Palibe amene anachita mwano. Ndi mmene timachitira tonse: pamanda ukaona pikapu yopanda anthu, umakwera, sufunsa mwini wake. Mabasi amene anabweretsa anthu anali atadzaza n'kunyamuka.

Amake Dalitso anali atakhala kale kutsogolo, atafunda chitenje kumutu. Amalume a Sakala anaima pafupi ndi chitseko changa.

"Tiye, liza. Anthu akwera kale. Kapena uwatsitsa pamanda pano?"

Iwo ankadziwa, inenso ndinkadziwa, kuti chimenecho n'chosatheka. Kutsitsa anthu olira, amayi a msinkhu wa amayi ako, dzuwa lili ng'aa, dothi la pamanda likadali kumapazi? Ndinaganiza za chitunda chimene chili panjira yobwerera. Ndinaganiza za mabowo aja Ba Chanda anandigwiritsa ndi chala. Ndinapita kumbuyo, ndinagwada pa fumbi.

"Amayi, abambo, pepani kwambiri. Ndikupempha mutsike. Galimotoyi singakunyamuleni. Basi ibweranso, ndaimbira kale adalaivala."

Palibe anasuntha. Mayi wina anafunsa mnzake mokweza kuti, "Kodi ameneyu ndi mwana wa ndani?" Wina anayankha kuti, "Wa malemu aja eni galimoto. Iwo anali munthu."

"Esinati, usatichititse manyazi," anatero amalume.

"Ndikhala pompano mpaka madzulo, amalume, koma sindiliza."

Pamenepo chitseko cha kutsogolo chinatseguka. Mukudziwa kuti namfedwa tsiku loika salankhula pagulu, amangotsogoleredwa. Amake Dalitso anatsitsa mwendo umodzi pansi, anagwira chitseko, anachotsa chitenje kumaso. Mawu awo anali atasasa ndi kulira, koma pamandapo panali chete moti aliyense anamva.

"Apongozi, auzeni atsike. Adokotala ananena kuti bambo a Dalitso apume. Tonse tinamva. Palibe amene anatsika."

Anabwerera pampando, natseka chitseko.

Woyamba kutsika anali mayi uja anafunsa kuti ndine mwana wa ndani. Anatsika chobwerera m'mbuyo, ndinamugwira mkono, sanandiyang'ane. Enawo anatsatira mmodzimmodzi. Galimoto inadzuka pang'onopang'ono mpaka matayala kuonekanso. Anthuwo anakakhala pansi pa mtengo, basi inabwera, onse anafika ku Kabwata, ndipo palibe amene anaphonya chakudya.

Amalume a Sakala mpaka lero sanandilankhule. Ndidzapita kukawapepesa ndi nkhuku, chifukwa ndi amalume anga ndipo ndinawayankha pagulu. Koma ndikapepesa kayankhidwe kokha. Kukanako sindikapepesa.

Pobwerera kuchokera kumanda tinayenda atatu, injini ikulira bwinobwino. Magalimoto ena ankawerenga katoni ija n'kumatipitirira. Titayandikira Kabwata, Amake Dalitso analankhula osatembenuka.

"Mlamu, mukadzathana nayo katoni ili kumbuyoyo, musadzataye. Mudzandipatse."

Ndinafunsa kuti adzatani nayo.

"Ndikufuna ndidzamupachike Dalitso kumsana. Foni yake yayamba kale kulira."

Mtunda sunakwane. Mawa m'mawa ndidzukanso, ndizungulire Woodlands ndi Kabulonga ndi galimoto yopanda kanthu, makondakitala anditukwane mmene angathere. Matimati adikira. Amene mukufuna kusamuka mwezi uno, funani lole ina, ilipo.

Inu amene mukuwerenga, kwanuko pikapu ya banja ndi ndani? Dzina lake labwera kale m'mutu mwanu, ndikudziwa, ndi nambala yake yomwe mumaidziwa pamtima. Tsiku limene adzati watopa, mudzatsika, kapena mudzadikira kuti adzakuuzeni ndi mkazi wake pamanda?